Majaji a pa kanema asatisokoneze pa za chiweruzo cha Mulungu

Akonzi,

Ndiloleni ndigwiritse ntchito tsamba lanu kulankhulapo pa nkhani imene yakhala ikundivuta mumtima kuyambira mwezi wa Novembala, mwezi umene ife Akatolika timapempherera mizimu ya abale athu amene adatsogola, ndipo mawerengo a pa Misa amatikumbutsa za imfa ndi chiweruzo. Madzulo ena tili pa msonkhano wa mphakati kuno ku Chibavi, tikugawana mawu a m'mutu 25 wa Mateyo, mnyamata wina wa ku koleji, wanzeru zake ndithu komanso wosajomba ku mapemphero, adati iye tsiku lachiweruzo amalimvetsa bwino akamaonera mipikisano ya oimba pa kanema. Adati Mulungu adzakhala ngati Simon Cowell: sadzazungulira, sadzanyengerera munthu, sadzasamala kuti wina walira, adzangonena chilungamo pamaso pa onse, nkhani n'kuthera pomwepo. Anthu adaseka, amayi ena adagwedeza mutu kuvomereza, ndipo tidapitirira ndi nyimbo yotsekera. Ine sindidayankhe, chifukwa si bwino kuti wamkulu atsutse mwana pagulu pamene mwanayo wayesetsa kulingalira za chikhulupiriro chake, koma mawu ake ndidapita nawo kunyumba, ndipo ndazindikira kuti maganizo amenewa si a iye yekha.

Kwa owerenga amene alibe dikoda kunyumba, Simon Cowell ndi mkulu wa ku Britain amene adatchuka mu 2001 pa mpikisano wa Pop Idol, kenaka pa American Idol kuyambira mu 2002, asanayambitse mipikisano yakeyake monga The X Factor mu 2004 ndi Britain's Got Talent mu 2007. Chimene chidamutchukitsa ndi pakamwa pake, popeza amamuuza munthu pamaso kuti alibe mawu oimbira ndipo akafune ntchito ina. Ife akuno tidazolowera kwambiri Randall Abrahams wa mpikisano wa Idols ku South Africa, amene kwa zaka pafupifupi 20 ankakhala pampando wa majaji nkhope ili gwa, anzake akuvina ndi kulira iye osatekeseka. Masiku ano dikoda siifunikanso, popeza tizidutswa ta mavidiyo awo timayenda m'mafoni kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, moti mwana wa ku Mchengautuwa amawadziwa majajiwa kuposa mmene amadziwira aneneri a m'Chipangano Chakale.

Ndiyambe ndi kuvomereza kuti mnyamata uja adakhudza chinthu choona. Ndaphunzitsa m'sukulu za pulaimale zaka zoposa 30, ndaimbanso m'kwaya kuyambira ndili mnyamata kwathu ku Dedza, ndipo ndikudziwa kuti ife Amalawi tili ndi ulemu umene nthawi zina umasanduka bodza. Kwaya ikasokoneza nyimbo kuyambira koyamba mpaka kumapeto timati mwaimba bwino. Munthu akamwalira, ngakhale adali wozunza mkazi wake mudzi wonse ukudziwa, wolankhula m'malo mwa banja amati tataya mzati. Timakula tisakudziwa chimene anzathu amaganiza za ife, chifukwa zoona zake zimanenedwa ife titachoka. Munthu wokulira m'dziko lotere akaona jaji amene saopa kunena kuti chakuda ndi chakuda, mtima wake umapeza mpumulo, ndipo akamva jaji yemweyo akuyamikira, amadziwa kuti kuyamikirako n'kwenikweni. Makolo athu adadziwa zimenezi pamene adati wakutsina khutu ndi mnansi. Njala yofuna kumva mawu oona za iwe mwini si njala yoipa, ndipo Mpingo umaphunzitsa kuti idzakhutitsidwa.

Palinso njala ina, ya chilungamo. Aliyense wa ife akudziwa mlandu wina umene udangozimiririka, fayilo itasowa, mboni zitatopa ndi kuyenda, wolakwa akuyendabe pa galimoto yake. Papa Benedict XVI, m'kalata yake ya Spe Salvi ya mu 2007, adalemba kuti chiweruzo chomaliza si chithunzi choopsezera anthu poyamba, koma chithunzi cha chiyembekezo, chifukwa dziko limene kulibe woweruza wotsiriza ndi dziko limene wozunzidwa alibe kolowera. Adanenetsa kuti chisomo sichifafaniza chilungamo, sichisandutsa choipa kukhala chabwino, ndipo ochita zoipa sadzangokhala pa phwando losatha pamodzi ndi amene adawazunza ngati kuti palibe chidachitika. Kwathu timati mlandu suwola. Pamenepa mnyamata uja ndi Papa akugwirizana, ndipo nanenso ndili nawo.

Koma kufananako kumathera pomwepo, ndipo chimene chatsala n'chosiyana kwambiri moti ndikuopa kuti mwana amene waphunzira za Mulungu kuchokera kwa majajiwa adzakhala ataphunzira za wina amene si Mulungu.

Taganizani za chimene jaji wa pa kanema amaona. Amaona mphindi ziwiri kapena zitatu, amaona nkhope, chovala ndi mayendedwe, ndipo kawirikawiri amakhala atagamula kale munthu asanatsegule pakamwa. Ambiri akukumbukira mayi Susan Boyle, Mkatolika wa m'tauni yaing'ono ya Blackburn ku Scotland, amene mu 2009 adaonekera pa Britain's Got Talent ali ndi zaka 47. Atangotulukira, oonerera adayamba kuseka maonekedwe ake, majajinso adaonetsa pankhope kuti sakuyembekezera kanthu, mpaka pamene adayamba kuimba holo yonse n'kuimirira. Nkhaniyi anthu amaikamba ngati umboni woti majajiwa ndi achilungamo, poti adavomereza kulakwa kwawo. Ine ndimaiona mwina. Suja mayiyu akadakhala kuti mawu ake ndi wamba, kuseka kuja kukadayesedwa koyenera, ndipo akadabwerera kwawo ali chitonzo cha dziko lonse, chonsecho ndi munthu yemweyo amene adatha zaka zambiri akusamalira mayi ake okalamba mpaka kumwalira kwawo. Zaka zimenezo majaji sakadaziwerengera, popeza palibe malikisi ake pa pepala lawo. Mneneri Samuele adauzidwa ku nyumba ya Yese kuti munthu amayang'ana maonekedwe akunja pamene Chauta amayang'ana mumtima, ndipo mu Mateyo 25 momwemo, mutu umene tinkawerenga tsiku lija, Mfumu siifunsa za luso la munthu aliyense. Imafunsa za wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende. Chodabwitsa n'chakuti a kudzanja lamanja ndi a kudzanja lamanzere omwe akufunsa funso limodzi: Ambuye, tidakuonani liti? Palibe amene ankadziwa kuti ali pa mpikisano, palibe adakonzekera, palibe adavala bwino. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992, pa ndime 1022, pamene akufotokoza za chiweruzo cha munthu payekha chimene chimachitika akangomwalira, akutsekera ndi mawu a Yohane wa Mtanda Woyera akuti madzulo a moyo wathu tidzaweruzidwa pa chikondi.

Chimene chimandivuta koposa, komabe, ndi gulu la oonerera. Jaji wa pa kanema salankhula kwenikweni kwa woimba amene waima patsogolo pake; amalankhula kwa ife amene takhala pa mipando kunyumba, ndipo mawu ake amawasankha kuti tiseke, tiwatumizirane m'mafoni, tidzaonerenso sabata yamawa. N'zodziwika kuti m'mipikisano yotereyi anthu amayamba ayesedwa ndi okonza pologalamu asanafike kwa majaji otchukawo, kutanthauza kuti wosadziwa kuimba amene timamuona pa kanema sadafikepo mwangozi, adasankhidwa chifukwa cha kusadziwako. Mpikisano wa Idols wa ku South Africa udali ndi mphotho yakeyake ya woimba moipa kuposa onse, yotchedwa Wooden Mic, ndipo ambiri a ife, ine ndemwe, tinkadikira gawo limenelo kuposa lina lililonse. Manyazi a munthu ndiwo katundu amene akugulitsidwa, otsatsa malonda ndiwo akulipira, ndipo kwa Cowell, kampani yake ya Syco ndiyo inkatulutsa zimbale za ambiri opambana m'mipikisano yake. Sindikunena kuti ndi munthu woipa, popeza mtima wake sindiudziwa. Ndikungonena kuti woweruza amene amapindula ndi mlandu, kumudzi kwathu sitimamulola kukhala pabwalo.

M'Malembo muli amene ntchito yake ndi kuulutsa zolakwa za anthu pagulu, ndipo buku la Chivumbulutso, mutu 12, limamutcha woneneza abale athu, amene amawaneneza usana ndi usiku. Ameneyo si Mulungu. Zambiri zimene amanena zikhoza kukhala zoona, ndipo apa ndi pamene achinyamata athu ayenera kusamala, chifukwa kunena zoona pakokha sikusandutsa munthu kukhala mneneri. Katekisimu yemwe uja, pa ndime 2477, amati kuulula zolakwa za mnzako kwa anthu amene sankazidziwa popanda chifukwa chokwanira ndi tchimo, ngakhale zolakwazo zitakhala zenizeni.

Mu Uthenga Wabwino wonse, nkhani imene imafanana kwambiri ndi pologalamu ya pa kanema ndi ya mutu 8 wa Yohane. Pali bwalo, pali gulu, pali mkazi amene wagwidwa akuchita chigololo ndipo amuimika pakati kuti aliyense amuone, palinso anthu amene akudikira kuti Mphunzitsi wotchukayu anene mawu akuthwa. Yesu adawerama n'kumalemba pansi. Atadzuka, mawu ake akuthwa adapita kwa oonererawo, ndipo adachoka mmodzimmodzi kuyambira akuluakulu. Ndi pokhapo, bwalo litatsala lopanda anthu, pamene adalankhula ndi mkaziyo, ndipo sadamunamize kuti sadalakwe, adamuuza kuti apite ndipo asakachimwenso. Choonadi chidanenedwa chonse, koma adayamba wabalalitsa gulu. Ndikaiwerenga nkhaniyi ndimadzifunsa kuti ine, ndi limoti m'manja ndikuseka mwana wa eni amene wasokoneza nyimbo ku Johannesburg, ndaima mbali iti ya bwalo limenelo.

Mpingo udatsata njira yomweyi. Mu Mateyo 18 tikuuzidwa kuti mbale wako akalakwa upite ukamudzudzule muli awiri, ndipo mboni ndi mpingo zimabwera pambuyo ngati sakumva. Bwalo limene Mkatolika amalidziwa bwino ndi la sakramenti la kulapa, kumene woneneza ndi wolakwa ndi munthu mmodzi yemweyo, kumene kulibe woonerera ngakhale mmodzi, ndipo kuyambira kale, makamaka pa msonkhano waukulu wa Lateran wa mu 1215, wansembe adaletsedwa kotheratu kuulula chimene wamva. Ansembe ena m'kalapiro salankhula monyengerera, ndipo ine ndidakumanapo ndi mmodzi ndili mnyamata amene mawu ake ndikuwamvabe mpaka lero, koma mawuwo adathera m'makutu mwanga. Chikhalidwe chathu sichisiyana ndi zimenezi. Anamkungwi salangiza mwana pamsika, ndipo amene adamvapo malangizo awo amadziwa kuti Simon Cowell ndi wofatsa pomuyerekeza nawo. Ankhoswe akamakonza banja amalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Mawu akuti nkhoswe ndi amene ndikadakonda mnyamata uja awagwire. Amene adamasulira Baibulo m'chinenero chathu, atafika pa kalata yoyamba ya Yohane, mutu 2, pamene akunena kuti wina akachimwa tili naye wotilankhulira kwa Atate, ena mwa iwo adasankha mawu amenewa, ndipo sadalakwe. Nkhoswe ndi wachibale. Amakudziwa kuyambira uli mwana, amakudzudzula kuposa wina aliyense, koma mlandu wako ukafika pabwalo amakhala mbali yako, ndipo chindapusa chikakukulira amapisa m'thumba mwake. Chikhulupiriro cha Katolika chimati amene adzabwera kudzaweruza amoyo ndi akufa ndi yemweyo amene ali Nkhoswe yathu, ndiponso ndi yemweyo amene adaimikidwa pa nsanja pamaso pa khamu, Pilato n'kufunsa anthu kuti asankhe pakati pa iye ndi Barabasi. Voti ya oonerera idachitikapo kale m'mbiri ya chipulumutso, ndipo tikudziwa amene adapambana. Woweruza amene adalawapo kusekedwa ndi gulu, atavekedwa chovala chachifumu chachipongwe ndi chisoti chaminga, sangakhale chithunzi chimodzi ndi munthu amene amalipidwa kuti gulu liseke.

Wina anditsutsa kuti Mpingo womwewo umaphunzitsa za chiweruzo cha anthu onse pa tsiku lomaliza, pamene zobisika zonse zidzaululika poyera, ndiye kusiyana kwake kuli pati? N'zoona, ndipo Katekisimu pa ndime 1039 amanena kuti pamaso pa Khristu zidzaonekera poyera zabwino zonse zimene munthu adachita kapena adalephera kuchita, mpaka zotsatira zake zakutali. Koma pa tsikulo sipadzakhala mipando ya oonerera. Aliyense amene adzamve za mnzake adzakhala ataimirira pamzere womwewo, zake zili pambalambanda. Chimene chimakometsa pologalamu ya pa kanema n'chakuti ine ndili pabwino, wina ndiye ali pamoto. Chotsani chitetezo chimenecho muone ngati padzatsale woseka.

Ndiyeno pali funso la chimene chimachitika mawu owawa atanenedwa. Pa kanema, jaji akati ayi, woimba amatuluka pakhomo, kamera imamutsatira pang'ono kuti tione misozi, kenaka amalowa wina. Palibe amene amamuphunzitsa kapumidwe kapena kumuuza kiyi yomuyenera. Ife timakhulupirira za Purigatoriyo, ndipo n'chifukwa chake pa 2 Novembala timapereka maina a akufa athu ku tchalitchi. Paulo Woyera, m'kalata yoyamba kwa Akorinto mutu 3, akunena za ntchito ya munthu imene idzayesedwa ndi moto, udzu ndi mapesi n'kupsa, mwini wake n'kupulumuka ngati wodutsa m'moto. Papa Benedict XVI m'kalata ija adafotokoza ganizo la akatswiri ena a zaumulungu lakuti moto umenewo ndi Khristu mwini, kuti kukumana naye maso ndi maso ndiko kumasungunula bodza lonse limene tidadzimangira, ndipo ululu wake ndi ululu wochiritsa. Ine ndimaganiza za Petro pabwalo la mkulu wa ansembe, tambala atalira, pamene Luka akuti Ambuye adatembenuka n'kumuyang'ana. Sadanene liwu lililonse. Petro adatuluka n'kukalira kwambiri, ndipo patapita masiku, m'mbali mwa nyanja, Yesu yemwe Petro adamukana uja adamufunsa katatu ngati amamukonda, n'kumupatsa nkhosa zake kuti aziwete. Palibe jaji wa pa kanema amene adalasapo munthu mozama chotero, ndipo palibe amene adabwezapo munthu pa ntchito chotero.

Akonzi, sindikadalemba zonsezi ikadakhala nkhani ya pa mphakati pokha. Chaka chathachi ndidapita ku mpikisano wina wa makwaya kuno ku Mzuzu, umene sinditchula okonza ake, ndipo mmodzi wa oweruza, bambo wodziwa nyimbo ndithu, adaganiza zosangalatsa anthu. Mtsikana wina wa zaka ngati 16 adatsogolera nyimbo ndipo mantha adamugwira, mawu n'kuterereka pa noti yapamwamba. Bamboyo adatenga maikolofoni n'kunena kuti adamva ngati mbuzi yakodwa mu mpanda, ndipo adalangiza kwayayo kuti imupatse ntchito yonyamula mabuku. Holo idaphulika ndi kuseka, mafoni adali m'mwamba, ndipo pofika madzulo kavidiyoko kadali m'magulu a WhatsApp a m'tauni muno. Zimene adanena zokhudza notiyo zidali zoona, ine ndidamva ndi makutu anga. Koma nyimbo imene mwanayo ankaimba idali ya kwa Mulungu, holoyo idali ya tchalitchi, ndipo tidatsegula ndi pemphero. Nditamufunsa bamboyo panja, adandiyankha mwaulemu kuti masiku ano ndi mmene majaji amachitira, ndipo ana ayenera kulimba mtima.

N'chifukwa chake ndikupempha abambo ansembe, abusa a mipingo ina, makatekisiti ndi onse okonza mipikisano ya makwaya kuti ndemanga za oweruza zizilembedwa pa pepala ndi kuperekedwa kwa mphunzitsi wa kwaya, zolimba monga momwe zingafunikire, osachotsapo kanthu, koma maikolofoni azigwiritsidwa ntchito polengeza zotsatira zokha. Ndikupemphanso olalika amene amakonda kutenga zitsanzo pa kanema kuti akope achinyamata, ndipo sindikuwadzudzula pa zimenezo, kuti akatchula majajiwa azifika mpaka pamene chitsanzocho chimathyokera, chifukwa mwana amasunga chithunzi nthawi yaitali kuposa mmene amasungira ulaliki.

Mnyamata wa ku mphakati uja ndidakumana naye pa depoti sabata yatha, ndipo tagwirizana kuti Lachitatu likubwerali tidzawerenge limodzi mutu 8 wa Yohane msonkhano usanayambe. Za mtsikana uja ndidafunsa kwa mphunzitsi wa kwaya yawo, ndipo adandiuza kuti ku Misa amabwera, amakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, koma ku mapulakatisi sadapondekonso kuchokera tsiku lija.

Mphunzitsi wopuma,
Chibavi, Mzuzu